Ana awiri a mlongo wanga onse akufuna udokotala

Pa Khirisimasi yapitayi tinasonkhana kumudzi monga mwa chizolowezi. Titakhuta mpunga, msuweni wathu wina anayamba kufunsa ana funso lija akuluakulufe timalikonda: "Iwe ukadzakula udzakhala ndani?" Wina anati msilikali, wina woyendetsa ndege, kamtsikana kena kanati kadzakhala phungu. Aliyense akayankha, m'manja. Funso litafika pa mphwanga, mwana wamwamuna wa mlongo wanga, anayankha mawu ali pansi: "Dokotala." Mchemwali wake wamkulu, amene anakhala pamphasa pafupi ndi agogo ake, anakweza dzanja n'kukuwa ndi chimwemwe chonse: "Inenso dokotala!"

Anthu anafa nalo phwete. Panalibe amene anakonza zowapweteka anawo, koma mwana amakudziwa kuseka kumene kukunena iyeyo. Mtsikanayo anaseka nawo, poganiza kuti anthu akondwera naye. Mnyamatayo anadzuka mwakachetechete n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, ndipo pabwalopo sanaonekenso mpaka mdima. Mayi awo anangozyolika.

Ine ndine malume wawo, mbumba imeneyi ndi yanga. Ndiye funso linanditsalira pamtima, losandilola kugona: mwana amene sukulu ikumukanika angadzavale choyera chija n'kumalembera anthu mankhwala?

## Nyumba imodzi, nkhani ziwiri

Kumudzi anawa amawatchulira pamodzi. "Ana a uje aja mitu yawo sigwira." Ena amanong'ona kuti analodzedwa. Ndipo poti ine ndimagwira ntchito m'tauni komanso ndinamangira amayi nyumba yamalata, manong'onong'o anafika mpaka pa ine, akuti malume wawo ndiye anawakhwimira. Mawu amenewo anatuluka pakamwa pa munthu wa magazi anga, ndipo amandiwawabe.

Koma amene wakhala nawo anawa akudziwa kuti nkhani zawo sizifanana ngakhale pang'ono.

Mtsikanayu ali ndi zaka 17. Anabadwa bwinobwino, anayenda pa nthawi yake, ndipo pofika zaka zitatu anali kale wolongolola, woimba nyimbo za ku Sande sukulu tsiku lonse. Ali ndi zaka zinayi, m'dzinja, anadwala malungo. Usiku wina thupi linayamba kugwedezeka, maso kutembenuka, kenako anakomoka osatsitsimuka. Anafika naye kuchipatala pa kabaza kutacha. Madokotala anati malungo alowa mu ubongo. Anatsitsimuka ndithu, koma mwana amene anabwerera kunyumba sanalinso yemwe uja. Mawu ambiri anatayika, supuni anachita kuphunziranso kugwira, ndipo khunyu linamutsalira. Akuluakulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza, ndipo pa mwana uyu tinaziona ndi maso. Lero amawerenga mpaka 10, nthawi zina kudumpha 7. Nsima amaphika, amachapa, khanda likamalira m'manja mwake limatonthola. Mukamutuma kugolosale chenji sachidziwa. Sukulu anasiyira Sitandade 2.

Malungo amtunduwu si achilendo kuno. Muyeso umene madokotala m'mayiko ambiri amaonera kuti mwana wakomoka kufika pati umatchedwa Blantyre Coma Score, chifukwa anaukonza kuchipatala cha Queens ku Blantyre chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 a Malcolm Molyneux ndi a Terrie Taylor, pa ana athu omwewa. Ambiri opulumuka amachira n'kupitiriza moyo, koma ena amatsala ndi khunyu, chibwibwi cha mawu kapena kuchedwa kumvetsa zinthu. Ana ena ubongo umavulala chifukwa chobanika pobadwa, matenda oumitsa khosi kapena kunyentchera. Mfiti m'zimenezi mulibe. Muli udzudzu, mtunda wautali wokafika kuchipatala, ndi umphawi.

Mnyamatayu ali ndi zaka 12 ndipo sanadwalepo chodetsa nkhawa. Pa bawo amadya akuluakulu. Wailesi ya agogo ake ikafa amaimasula n'kuibwezera ikulira. Mukamusimbira nkhani lero, mawa akubwezerani yonse osasiyako kanthu. Koma mumupatse buku. Chala chimayenda pang'onopang'ono pansi pa mzere, thukuta kutuluka pamphuno, b amamutcha d, ndipo mawu amene wawagonjetsa pamzere woyamba akakumana nawo pamzere wachitatu amayambiranso kulimbana nawo. Wabwerezapo kalasi, pano ali Sitandade 5, kumchira. Mphunzitsi wina anauza mlongo wanga, mwanayo ali pomwepo, kuti asamataye ndalama ya yunifomu, angomupezera ukalipentala. Ukalipentala ndi ntchito yolemekezeka, ifenso bambo athu anatilera ndi macheka ndi misomali. Chimene chinandipweteka n'chakuti munthu anamusankhira mwana moyo wonse osamufufuza n'komwe.

## Madzulo ena mu wodi ya amayi

Mu February amayi anagonekedwa ndi chibayo, kuwonjezera pa shuga amene akhala naye kwa zaka. Mlongo wanga ndiye anali gadiyani. Ine ndinafika kuchokera m'tauni, ndipo ana aja anabwera ndi dengu la ufa ndi nkhuni. Madzulo a tsiku limenelo mayi awo ali kukhitchini ya magadiyani, munalowa dokotala, mtsikana ndithu, wooneka kuti sanagone. Anawapima amayi, analemba m'buku lawo la kuchipatala, kenako anatembenukira kwa mnyamata uja.

"Achimwene, tabwerani. Muli sitandade chani? Tawerengani apa kuti mukawauze amayi anu akabwera."

Mwana anauma. Anagwira bukulo, chala chinakhala pa liwu loyamba, milomo kumanjenjemera osatulutsa kanthu. Ine ndinatambasula dzanja kuti ndimulanditse, koma adokotala anandiletsa ndi maso. Anatenga bukulo mosamuchititsa manyazi n'kunena kuti, "Zolemba zathu n'zovuta. Mvetserani, ndiwerenga ine." Anawerenga kamodzi kokha: mankhwala amitundu itatu, nthawi zake, oyenera kumwa ndi chakudya, ndi zizindikiro zoti ukaziona uthamangire kwa anesi. Atatha anati, "Tandibwezerani."

Mphwanga anabweza zonse mwa ndondomeko yake, mayina achilendo a mankhwala aja osaphonya. Kenako, akuyang'ana pansi, anafunsa: "Nanga agogo akakana kudya, a shuga aja amwebe?"

Adokotala anasiya kulemba. Anakhala pamphepete pa bedi n'kumuyankha monga ayankhira munthu wamkulu, kuti mankhwala amenewo amatsitsa shuga m'magazi, ndiye munthu akamwa m'mimba mulibe kanthu shuga akhoza kutsikitsitsa mpaka kukomoka, choncho agogo akakana chakudya auze anesi asanawamwetse. Kenako analemba mawu angapo a Chichewa ndi zilembo zikuluzikulu n'kumupempha awerenge. Anakwawa nawo. Anamufunsanso kuti atchule "nyumba" atachotsa "nyu". Mwana amene wangobweza kumene malangizo onse aja anasokonezeka pa kafunso kameneka.

Ananditengera pakhonde.

"Bambo, mwanayu ndi wanu?"

"Ndine malume wake."

"Ine si katswiri wa zimenezi, ndipo sindingamuyeze pakhonde pano. Koma zimene ndaonazi zikufanana ndi vuto la kuwerenga lotchedwa dyslexia. Nzeru zilipo zonse. Pezani mphunzitsi wa maphunziro apadera amuone." Anawonjezera kuti kukoleji anali ndi mnzake wotere, amene ankajambula maphunziro pafoni n'kumamvetsera usiku, ndipo pano akugwira ntchito.

Ndinalimba mtima. "Adokotala, akuti akufuna ntchito yanuyi. Zingatheke?"

"Zingatheke. Adzavutika kuposa anzake, ndipo sindikulonjezani kuti adzafika, pakuti ngakhale owerenga mothamanga ambiri safika. Koma musamutsekere chitseko."

Mtima wanga unapepuka, moti ndinaloza mkati mwa wodi. Mchemwali wake anali atakhala pabedi la gogo wina amene analibe gadiyani, akumumwetsa phala pang'onopang'ono, kumupukuta pakamwa ndi chitenje, kumuimbira motsitsa. "Nanga uyo? Nayenso akuti dokotala."

Anandifunsa mbiri yake. Ndinafotokoza za malungo aja, za khunyu, za kuwerenga mpaka 10. Anamuyang'ana nthawi yaitali asanatsegule pakamwa.

"Bambo, ndikati inde ndikunamizani. Ntchito yanga imafuna kuti 2 koloko usiku, ndili ndekha, ndiwerengetse mankhwala molingana ndi kulemera kwa mwana, ndiponso ndisankhe pakati pa matenda atatu ofanana zizindikiro. Kumusenzetsa zimenezo n'kumulakwira iyeyo, n'kumulakwiranso wodwala. Koma taonani zimene akuchitazo. Agogo awo akhala akutikanira chakudya kuyambira dzulo."

Anamuitana kwa wodwala wina, n'kundisiya pakhondepo. Yankho loyamba linandisangalatsa, lachiwiri linandilasa, koma onse awiri ananenedwa ndi munthu amene anawayang'anadi anawo, aliyense payekha. Chiyambire palibe anali atachitapo zimenezo, kaya kusukulu, kaya kumudzi.

## Chimene chikumuvuta mphwanga

Nditabwerera m'tauni ndinawerenga zimene ndikanatha. Dyslexia si matenda a maso, si ulesinso. Ubongo wa munthuyo umavutika kulumikiza chilembo ndi kamvekedwe kake, ndiye kuwerenga, kumene kwa ena kumafika pongochitika kokha, kwa iye kumakhalabe ntchito yotulutsa thukuta. Vutoli limayenda kumtundu ndipo silitheratu, koma munthu akaphunzitsidwa mwa njira yoyenera amawerenga ndithu, mochedwerapo. Akatswiri ambiri amati mwa anthu 100 aliwonse, 5 mpaka 10 ali nalo. Tsono taganizirani kalasi ya Sitandade 3 yodzaza mpaka pakhomo, monga zakhalira m'sukulu zambiri chiyambire pulayimale yaulere mu 1994. Ana amenewa alimo, akhala kumbuyo, ndipo mphunzitsi mmodzi alibe mpata wowazindikira.

Palinso china chathuchathu. Chichewa chimalembedwa mmene chimatchulidwira, ndiye mwana wotere amakwawa nacho mpaka Sitandade 4 anthu n'kumati ndi wochedwa chabe. Akalowa Sitandade 5 maphunziro onse amatembenukira ku Chingerezi, mmene though, through ndi enough amathera mofanana papepala koma pakamwa n'zosiyana. Apa ndi pamene mphwanga anagwera. Sayansi amaimva bwino, koma funso la sayansi limabwera lolembedwa m'Chingerezi, wotchi ikuthamanga.

Ulumali wa mchemwali wake ndi wina. Umakhudza kumvetsa kwenikweniko: kuwerengetsa, kulingalira zotsatira za chinthu, kukonza za mawa. Madokotala amati munthu ali ndi ulumali umenewu akapeza cha pansi pa 70 pa mayeso oyeza nzeru otchedwa IQ, komanso akamavutika kudziyendetsera moyo wa tsiku ndi tsiku kuyambira ali mwana. Uli ndi milingo yake. Ena amagwira ntchito n'kumanga banja, ena amafunika wowasamalira moyo wonse.

## Madokotala amene zilembo zinkawazunza

Helen Taussig anabadwa mu 1898 ku America. Kuwerenga kunkamuvuta kwambiri, ndipo bambo ake, amene ankaphunzitsa zachuma ku Harvard, ankakhala naye pansi kumuphunzitsa moleza mtima. Anamaliza udokotala ku Johns Hopkins mu 1927. Atayamba ntchito makutu anayambanso kugontha, ndiye anaphunzira kumva kugunda kwa mitima ya makanda ndi nsonga za zala. Mayi ameneyu ndiye anabweretsa ganizo la opaleshoni yopulumutsa ana obadwa ndi mtima wolakwika, aja milomo ndi zala zimabiriwira chifukwa magazi safika mokwanira m'mapapo. Opaleshoni yoyamba inachitika mu November 1944. Wogwira mpeni anali Alfred Blalock, ndipo kumbuyo kwake kunaima Vivien Thomas akumulangiza, munthu wakuda amene anayamba ndi ukalipentala ndipo sanapite kusukulu ya udokotala chifukwa ndalama zimene anasunga zinathera m'banki imene inagwa. Ndikakumbukira mawu a mphunzitsi uja, Vivien Thomas amandibwerera m'maganizo. Lero Taussig amadziwika kuti ndiye anayambitsa nthambi yonse ya matenda a mtima a ana.

Wina ndi Toby Cosgrove. Anafunsira malo kusukulu za udokotala 13, imodzi yokha, ya University of Virginia, ndiyo inamutenga. Kuti ali ndi dyslexia anadziwa atapitirira kale zaka 30, mphunzitsi wina atamumva akuwerenga nyuzipepala mokweza. Anachita maopaleshoni oposa 22,000, anakonza njira zake zosokera tizitseko ta mkati mwa mtima, ndipo kuyambira 2004 mpaka 2017 anatsogolera Cleveland Clinic, chimodzi mwa zipatala zotchuka kwambiri pa matenda a mtima. Sukulu 12 zija zinayeza liwiro lake papepala, n'kutaya munthu amene manja ndi mutu wake zinali za ntchito yomweyo.

Sindikunena kuti mwana aliyense wosokoneza b ndi d ndi Cosgrove. Anthu awiriwa anakulira m'mabanja ophunzira, m'dziko la mabuku ndi magetsi. Chimene akutsimikizira n'chimodzi: kuwerenga mochedwa ndi kuchiza munthu zikhoza kukhala m'mutu umodzi.

## Mantha a wodwala ndi oona

Pano ndiyankhule monga munthu amene amayi ake anagona pabedi lija. Pali mankhwala a khunyu otchedwa carbamazepine, pali a chithokomiro otchedwa carbimazole, ndipo papepala amangotsala pang'ono kufanana. Kadontho kamodzi ndiko kamasiyanitsa 0.5 ndi 5. Jakisoni wa artesunate, amene masiku ano akupulumutsa ana ku malungo aja anavulaza mwana wa mlongo wanga, amaperekedwa 3 mg pa kilogalamu iliyonse kwa mwana wosafika makilogalamu 20, ndi 2.4 mg pa kilogalamu kwa wolemerapo, kenako amabwerezedwa pa maola 12 ndi pa maola 24. Munthu akafunsa kuti "nanga akawerenga molakwika?" sakunyoza ayi. Akufunsa za moyo wa mwana wake.

Ndiye mlingo wa udokotala usatsike chifukwa cha chifundo, ngakhale chifundo cha pa mphwanga. Ku Britain bungwe lolembetsa madokotala, General Medical Council, linatulutsa malangizo mu 2019 okhudza ophunzira ndi madokotala aulumali. Mfundo yake ndi yakuti zimene dokotala ayenera kukwanitsa sizisintha, chimene chingasinthe ndi njira yoonetsera kuti wazikwanitsa. Wophunzira wa dyslexia kumeneko kawirikawiri amawonjezeredwa gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi pa mayeso olemba, ndipo akhoza kugwiritsa ntchito kompyuta. Koma kupeza matenda, kusankha mankhwala oyenera ndi kuwerengetsa mlingo wake ayenera kukhoza mofanana ndi wina aliyense.

Komanso chipatala chabwino sichidalira maso a munthu mmodzi. Dokotala akalemba, anesi amaona, a kufamase amaonanso, pakhoma pamakhala tchati cha milingo, ndipo mankhwala a malungo a LA amabwera atapakidwa kale molingana ndi kulemera kwa wodwala. Zimenezi anaziikira madokotala onse, chifukwa owerenga mothamanga nawonso amalakwitsa akatopa kapena akakumana ndi zolemba zosaoneka bwino za mnzawo. Munthu amene wakula akudziwa kuti zilembo zimamupusitsa amazolowera kuyang'ana kawiri ndi kufunsa mopanda manyazi. Amayi anga ndikhoza kuwasiya m'manja mwa munthu wotere mtima uli m'malo.

## Amagwera kutali ndi geti la koleji

College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili m'kati mwa Kamuzu University of Health Sciences. Malo ndi ochepa, olimbirana ndi ana okhoza MSCE ndi mapointi otsika kwambiri. Ukalowa pali chaka chokonzekera, zaka zisanu za udokotala, kenako miyezi 18 yogwira ntchito moyang'aniridwa, a Medical Council of Malawi asanakulole kuima pawekha. Palinso njira ya ma clinical officer ndi ma medical assistant, amene kumidzi timangowatcha adokotala chifukwa ndi amene amatiwona tsiku ndi tsiku. Njira zonsezi zimadutsa pa MSCE.

Koma mwana wonga mphwanga safika n'komwe pa MSCE. Amagwa pa mayeso a Sitandade 8, kapena amatopa ndi kusekedwa n'kusiyira Sitandade 6. Malamulo tili nawo. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, tinakhala ndi lamulo la anthu aulumali mu 2012, ndipo mu 2024 kunabwera latsopano. MANEB imakonza mapepala a braille, owerenga ndi zala, ndi a zilembo zikuluzikulu. Ku Montfort, ku Chiradzulu, amaphunzitsa aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira. Zonsezi n'zabwino, koma mwana wosaona amaoneka, wosamva amadziwika. Mwana wa dyslexia amathamanga ndi anzake pabwalo, amayankhula bwino, ndiye amangopatsidwa dzina la mbuli basi.

Chimene ndikupempha si chachikulu. Mwana aliyense amene wamaliza Sitandade 2 asakuwerenga aonedwe ndi mphunzitsi wodziwa, kuti zidziwike ngati ndi njala, maso, makutu, kujomba kapena dyslexia. Akapezeka nayo, pepala lake limutsate mpaka m'chipinda cha mayeso, kuti apatsidwe nthawi yowonjezera kapena womuwerengera mafunso. Dziko limene odwala amafola kuyambira m'bandakucha kudikira dokotala mmodzi lisamataye ana amene amafunsa ngati agogo amwe mankhwala a shuga asanadye.

## Nanga mchemwali wake

Apa ndiye pamandivuta. Pa Facebook anthu amakonda kulemba kuti chilichonse n'chotheka ukangolimbikira. Mawu amenewa ndi okoma, koma kwa mwana wa mlongo wanga ndi bodza, ndipo bodza lake limabwezera mlandu pa iye, ngati kuti sakufika chifukwa sanalimbikire. Walimbikira kuposa tonsefe. Kuphunziranso kuyankhula uli ndi zaka zisanu si masewera.

Udokotala wolemba mankhwala sadzaufika. Koma sizitanthauza kuti m'chipatala malo ake ndi pamzere wa odwala pokha.

Ku England kunali mnyamata wotchedwa Oliver McGowan. Anadwala matenda oumitsa khosi ali khanda, n'kutsala ndi khunyu ndi ulumali wocheperako wa kumvetsa zinthu, analinso ndi autism, vuto lokhudza kulankhulana ndi kucheza ndi anthu. Mu 2016, ali ndi zaka 18, anagonekedwa m'chipatala ku Bristol. Iye mwini ndi makolo ake ananena momveka kuti mtundu wina wa mankhwala a matenda a maganizo umamupweteka. Anamupatsabe, ubongo unatupa, n'kumwalira. Mayi ake, Paula McGowan, sanakhale chete. Kuyambira 2022 lamulo la kumeneko limakakamiza ogwira ntchito zachipatala kuphunzira za anthu a ulumali umenewu ndi autism, ndipo maphunziro amene boma limalimbikitsa ali ndi dzina la Oliver. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti pakati pa ophunzitsa pamakhala anthu aulumaliwo eni ake. Amaima kutsogolo kwa madokotala ndi anesi n'kuwauza mmene angawayankhulire ndi mmene angawamvetsere.

Ndinaganiza za mwana wathuyu pa tsiku lolandira mankhwala a khunyu. Zaka zonsezi funso limapita kwa mayi ake: "Wagwa kangati mwezi uno?" Mwini thupi ali pompo, ndipo amadziwa bwino kuti mapiritsi akasintha mtundu amagona masana onse, amadziwa fungo lachilendo limene amamva asanagwe. Palibe amamufunsa. Atati aime pamaso pa ophunzira udokotala kwa theka la ola n'kufotokoza zimenezi m'mawu ake, angatuluke m'chipindamo akudziwa chinthu chimene mayeso awo safunsa. Ku Mzuzu a St John of God akhala akuthandiza ana aulumali wotere ndi kuphunzitsa achinyamata ntchito zamanja, ndiye maziko oyambira alipo. Chikusowa n'chakuti zipatala zathu ziwaone anthuwa ngati antchito ndi aphunzitsi.

Anandifunsa yekha tsiku lina tikuchokera kudimba. "Amalume, ine dokotala?"

Ndinamuuza zoona. "Mankhwala sudzalemba, mwanawe, imeneyo ndi ntchito ya masamu ambiri. Koma kuchipatala ungagwireko ntchito yothandiza odwala, monga unachitira ndi agogo a phala aja."

Anaganiza pang'ono. "Azindipatsa ndalama?"

## Pamene tafika

Mnyamatayo tinamupezera mphunzitsi wa maphunziro apadera pa sukulu ina ya m'zoni yomweyo. Atamuyeza anagwirizana ndi zimene adokotala aja anaona, ndipo pano amakumana naye Loweruka lililonse, kuyambiranso pa maliwu, chilembo ndi chilembo. Ndinamupatsa foni yanga yakale, ndipo msuweni wake wa Fomu 2 amamuwerengera manotsi mokweza iye n'kumajambula. Aphunzitsi a kalasi yake, titakhala nawo pansi, anavomera kumufunsa mafunso ena pakamwa. Teremu yathayi wachoka kumchira. Ndamuuza mosabisa kuti kutsogoloku kuli Biology, Chemistry, Physics, masamu ndi Chingerezi, ndipo mabuku a udokotala ndi ochindikala. Anati wamva.

Za mchemwali wake ndinapita kukaonana ndi komiti ya pachipatala chaching'ono cha kwathu. Ndinapempha kuti pa masiku a sikelo azithandiza alangizi a zaumoyo: kulandira amayi, kuyala mphasa, kunyamula makanda pamene mayi akuvula mnzake woti akwere sikelo, kutonthoza olira jakisoni. Mayi ake azikhala pafupi chifukwa cha khunyu lija. Ena m'komitimo anadodoma, wina anafunsa ngati khunyu silipatsirana. Alangizi a zaumoyo ndiwo anayankha kuti silipatsirana, ndipo anati mtsikanayo amamudziwa, ayesere.

Wayamba, ndipo amayi a sikelo amuzolowera. Pa malipiro ndiye sitinagwirizane. Komiti ikuti ikhale ntchito yongodzipereka chifukwa thumba lilibe kanthu. Ine ndawauza kuti munthu amene akunyamula makanda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu akugwira ntchito, ndipo funso limene anandifunsa pochokera kudimba lija liyenera kuyankhidwa, ngakhale ndi ya sopo yokha poyambira. Agwirizana zoti nkhaniyi ikambidwenso pa msonkhano wa mwezi wamawa, amfumu ali pomwepo, ndipo ndapempha kale tchuthi kuntchito kuti ndikakhalepo.